Msewu Pakati pa Aneba

Mayi Leida Wolterink anali kuseri kwa nyumba akutsuka zigubu za mkaka pamene anamva kugogoda. Anaimika dzanja n'kutchera khutu. Kugogodako sikunali kwa kukhitchini ayi. Kunali kukhomo la kutsogolo.

"Riek!" anaitana mpongozi wawo. "Kaone wamisala amene akugogoda khomo la maliroyo. Umuuze kuti muno sitinafe."

Khomo limenelo linatsegulidwa komaliza tsiku limene Riek yemweyo ankalowa ndi diresi la ukwati. Lisanafike tsikulo, linatsegulidwa potulutsa bokosi la amayi awo a Lammert, amuna awo a Leida. Kuno ku Twente, chigawo cha alimi kufupi ndi malire a Jeremani, khomo la kutsogolo ntchito zake ndi ziwiri zomwezo, mkwatibwi kulowa ndi maliro kutuluka. Munthu wamoyo amene ali ndi nkhani amazungulira kuseri, kudzera kukhola.

Riek anabwera naye mlendoyo mozungulira. Anali bambo wamtali wa jekete lotuwa, nsapato zachikopa zili matope okhaokha, mapu atawapanira m'khwapa.

"Ndine Kuiper, mayi. Ndachokera ku ofesi yoona za misewu."

"Zaoneka kale. Wa kuno sakanagogoda uko. Vulani nsapatozo, mwanayu wakolopa."

Anakhala patebulo la kukhitchini. A Lammert anali pampando wawo pafupi ndi mbaula. Chigwereni m'khola chaka chathacho, dzanja lawo lamanzere linangoti lende, ndipo mawu ankatuluka limodzilimodzi ngati akuwagula. Harm, mwana wawo mmodzi yekhayo, analowa akupukuta manja ku ovolosi. Riek anathira khofi. Mayi Leida anatsegula chitini cha mabisiketi, aliyense anatenga imodzi, chitini n'kutsekedwa.

Nkhani ya msewuyi inali itamera ndevu. Unali msewu waukulu wa magalimoto othamanga okhaokha, wochokera kumizinda ya kumadzulo mpaka kumalire a Jeremani. Poyamba ankati udzera kumpoto, m'nkhalango. Okonda mitengo anakuwa, mzere unasuntha. Kenaka ankati udzera m'mbali mwa tauni. A m'tauni anati phokoso, mzere unasunthanso. Mzere wa pamapu ukamathawa anthu odziwa kulankhula pamisonkhano umakagwera anthu okama ng'ombe. Tsopano zikhomo za mitu yofiira zinali ndandanda kuyambira kumtsinje mpaka kumpanda wa a Wolterink, ndipo zinadula pakati kanjira kamchenga kopita kwa a Derk Oonk, aneba awo.

Kuiper anayala mapu, nakankhira makapu pambali.

"Nyumba yanu ili apa. Msewu udutsa apa. Ndiye kuti dambo lanu la msipu litsala kutsidya, mbali ya a Oonk."

"Ng'ombe zanga zizikwera basi popita kokadya?"

"Njira zilipo ziwiri, mayi. Mlimi akakhala ndi malo mbali zonse ziwiri, timamuboolera mpata pansi pa msewu woti ng'ombe zizidutsa. Koma ndikuuzeni zoona, mpata ndi wodula, akuluakulu anga saukonda. Njira yachiwiri ndi yosinthana. Inu mutisiyire dambolo, ife tikupatseni malo mbali yanu ino. Boma lagula munda wa malemu Nijhuis."

Harm anatsegula pakamwa. Mayi ake anam'ponda phazi pansi pa tebulo, pakamwapo n'kutsekeka.

Munda wa Nijhuis ndani sankaudziwa? Unali pamtunda, nthaka yakuda bii, yoti ukaponya chikhomo chimaphuka. Dambo lija linali la achule. Mvula ikagwa ng'ombe zinkatitimira mpaka m'mawondo, ziboda zikuwola, ndipo theka lake linali bango. Koma Mayi Leida anakulira kumsika wa ng'ombe, atagwira jekete la bambo awo amene ankagula ndi kugulitsa. Sukulu anaisiya asanaizolowere. Mapu ankawaona ngati nsalu yoyala patebulo, koma nkhope ya munthu wofuna chinthu ankaiwerenga kuyambira pamphumi mpaka pachibwano. Kuiper ankalifuna dambolo.

"Munda wa Nijhuis?" anatero, akukwinya mphuno. "Wamiyala uja? Nijhuis anafera njala pamenepo."

A Lammert anakhosomola. Nijhuis anafa ali wonenepa kotero kuti aneba anavutika kum'tulutsa pakhomo.

"Nthaka yake anaiyeza, mayi. Ndi yabwino kuposa ya dambo lanu."

"Anaiyeza ndani, ng'ombe? Bambo inu, udzu wa m'dambo langa ng'ombe ikadya, mkaka umachita kutuluka ndi batala. Agogo a amuna angawa analikumbira ngalande ndi manja. Inu mukuti ndikupatseni basi, ngati ndikupatsa mwana bisiketi?"

Anayamba pamenepo. Anafuna mundawo pamodzi ndi kamzere ka mitengo ka m'mphepete mwake. Kuiper anati kamzereko sikali m'nkhani. Iwo anaimirira n'kuyamba kuchotsa makapu. Kuiper anati aona. Anafuna mpanda watsopano wa waya, ndi geti lachitsulo, osati lamatabwa. Kuiper anavula jekete. Anafuna kuti boma lithire miyala panjira yopita kumundako. Kuiper anayang'ana a Lammert ngati wopempha chithandizo, koma a Lammert ankayang'ana moto.

"Mayi, mukanakhala ku ofesi kwathu, msewuwu ukanamangidwa ulere."

"Ukanadzera kwanu."

Pomaliza Kuiper anavomera zonse, natambasula dzanja. Mayi Leida analimenya ndi chikhatho chawo monga amachitira kumsika wa ng'ombe, phwa, kenaka phwa. Koma kumenya komaliza, kuja kumene kumatseka malonda moti ngakhale mbusa wa mpingo sangawamasule, sanamenye. Anabweza dzanja m'thumba la epuloni.

"Lomaliza Lachisanu. Ine ng'ombe sindigula tsiku limene ndaiona."

Galimoto ya Kuiper itangotuluka pageti, Harm ananyamula Riek m'mwamba n'kumuzungulitsa.

"Amayi, mwamusenda wamoyo munthu uja! Munda wa Nijhuis! Ndi geti lomwe!"

"M'tsitse mwana wa eni ake, uthyola mipando. Ndipo tsiku lina ukadzatsegulanso pakamwa ine ndikutsatsa malonda, ndidzakusoka."

Koma mumtima anali atakhuta. Anatsegulanso chitini chija, chinthu chimene sichinkachitika pakati pa sabata.

A Lammert sanatenge bisiketi. Anayesa kangapo, kenaka liwu linatuluka.

"Derk."

"Derk watani? Derk ali ndi pakamwa pake, adzinenera yekha. Imwani khofiyo asanazizire."

Lachitatu masana a Derk Oonk anabwera. Anadzera kuseri monga mwa masiku onse, koma anali atavala jekete lakuda ndi chipewa cha Lamulungu. Mayi Leida atangoona chipewacho anadziwa kuti pali nkhani. Munthu savala chotero Lachitatu pokabwereka fosholo.

A Derk anali neba woyamba wa nyumba ya a Wolterink, monga analili bambo awo ndi agogo awo. Uneba umenewu sumayendera kukondana, umayendera nyumba. Ng'ombe ikavutika kubereka, neba woyamba ndiye amakoka chingwe. Mwana akabadwa, mkazi wa neba woyamba ndiye amam'sambitsa, ndipo Harm anasambitsidwa ndi a Hanna, akazi awo a Derk. Munthu akamwalira abale sakhudza kanthu. Neba woyamba ndiye amalengeza m'nyumba zonse, amasambitsa mtembo, amatsegula khomo la kutsogolo, ndipo ngolo yake ndi hatchi yake ndi zimene zimapita nalo bokosi kutchalitchi. Tsiku limene a Lammert anagwa m'khola, Mayi Leida anangoyanika nsalu yoyera pampanda. A Derk anaiona ali m'munda mwawo, anathamanga kanjira kaja, anawanyamula a Lammert kumsana. Mwezi wonsewo ankabwera kudzathandiza Harm kukama, osapemphedwa, osathokozedwa. Neba sathokozedwa. Mawa ndi iweyo.

Anakhala pansi, chipewa chili pabondo. Analankhula za mvula. Analankhula za mtengo wa nkhumba. Mayi Leida anapirira mpaka kapu itafika theka.

"A Derk, simunavalire nkhumba chipewa chimenecho. Nenani."

"Ndabwera kudzatula uneba."

Riek anaika ketulo pansi pang'onopang'ono.

"Takulakwirani chiyani?"

"Palibe. Koma msewu ukatha, aika mpanda mbali zonse ziwiri. Kuti ndifike kuno ndiyenera kukazungulira kumlatho wa kutauni. Ndi miyendo yangayi, panjinga, ndikamafika ng'ombe yafa kale ndi mwana m'mimba. Nsalu yanu sindidzaiona, pakati padzakhala chimulu cha mchenga chotalika kuposa denga. Ndipo tsiku lina..." Anayang'ana a Lammert, kenaka anayang'ana chipewa chawo. "Neba wa dzina lokha ndi bodza, a Leida. Kuli bwino mupeze wina mbali yanu ino nthawi ikadalipo."

"Wina ndani? A kumadzulo aja agula nyumba ya Nijhuis? Aja amabwera Loweruka kudzagona padzuwa osavala malaya? Amenewo adzasambitse amuna anga?"

"Mwina n'kuphunzira."

"Nenani zoona. Mwamva kuti tapata munda wabwino, njiru yakugwirani."

A Derk sanakwiye. Sankadziwa kukwiya, n'chifukwa chake Mayi Leida ankatopa nawo.

"Mundawo ndi wabwino. Ine ndikanautenganso. Ndinamufunsa bambo wa mapu uja ngati angatisiyire kanjira. Anati boma limaboolera ng'ombe, siliboolera anthu. Malo anga onse ali kutsidya, ndilibe chonenera. Sindinabwere kudzapempha kanthu. Ndabwera kudzanena poyera, monga ziyenera. Ndigwira uneba mpaka tsiku lotseka kanjira."

Anamaliza khofi, anagwira phewa la a Lammert, n'kutuluka. Mayi Leida anatsuka makapu mwaphokoso.

"Munthu wamkulu kuvala jekete kudzatiopseza! Ngati kuti dziko lonse neba ndi iye yekha."

A Lammert anali akulimbana ndi mawu. Akazi awo, amene chikwatiraneni sanadikirepo munthu kuti amalize chiganizo, ulendo uno anadikira.

"Bambo ake... ananyamula bambo anga. Ine... ndituluka ndi alendo."

"Simukutuluka lero. Khalani chete."

M'mawa mwake Mayi Leida anavala nsapato zawo zamtengo n'kuyenda kanjira kaja mpaka kudambo. Analiyang'ana monga ankayang'anira ng'ombe yokalamba pamsika, kufuna chabwino chimodzi choti n'kunenera. Sanachipeze. Madzi anali mbee pakati pa udzu. Achule ankalira masanasana. Anaponda, nsapato inatsalira m'matope, anaizula akutukwana. Atatembenuka anaona denga lawo mbali iyi, denga la a Oonk mbali iyo, ndi zikhomo zofiira pakati. A Hanna anali panja akuyanika zovala, ndipo anakweza dzanja. Mayi Leida anakwezanso lawo, mwamsangamsanga, ngati akuingitsa ntchentche.

Mayi Leida anam'peza Harm m'khola nthawi yokama ya madzulo, mutu atautsamiritsa pamimba pa ng'ombe.

"Dambo sitisintha," anatero.

Harm anaseka. Kenaka anaona nkhope ya mayi ake, kuseka n'kutha.

"Amayi, mwadya chiyani?"

"Tikasunga dambo, akuyenera kutiboolera mpata. Podutsa ng'ombe munthu adutsanso."

"Ndiye titaye munda wa Nijhuis chifukwa cha chipewa cha a Derk? Amayi, nthawi zasintha. Kuli lamya. Kuli dokotala wa ziweto wa galimoto. Kutauni kuli kampani ya maliro, amachita zonse bwinobwino, magolovesi oyera kumanja."

"Magolovesi oyerawo anakama ng'ombe zako pamene bambo ako anagwa?"

"A Derk ndi okalamba. Bambo ndi okalamba. Inunso, pepani, si mtsikana. Mudzapita nonse, ine ndidzatsala ndi achule. Amene adzazule ng'ombe m'matope zaka zonsezo ndi ine, osati inu. Mukugula maliro a tsiku limodzi ndi moyo wanga wonse."

Mayi Leida anafuna kum'kalipira, koma anadziletsa. Mwanayo ankanena zoona, ndipo iwo pamalonda sankakangana ndi choona. Ankachigula. Anakoka kampando kokamira n'kukhala.

"Chabwino. Tchula mtengo."

"Mtengo wa chiyani?"

"Usandichedwetse. Ndakulanda munda. Ukufuna chiyani m'malo mwake?"

Harm anapitiriza kukama, mkaka ukulira m'ndowa. Anali mwana wa mayi ake ndithu, sanayankhe msanga.

"Thirakitala. Hatchi igulitsidwe."

"Hatchi yakalamba kale. China?"

"Khola latsopano, la makina okamira. Lija munati ndi la alesi."

"Ndi la alesi. Manga. China?"

Harm anaima kukama. Nkhani imene inatsala anali ataiyambapo kangapo chikwatire, ndipo nthawi zonse ankayankhidwa kuti adikire maliro.

"Famu ilowe m'dzina langa chaka chino. Osati mukadzafa. Inu ndi bambo musamukire kuzipinda za m'mbali. Khitchini ikhale ya Riek, ndi makiyi omwe."

Apa ndiye panawawa. Khitchini imeneyo Mayi Leida anailandira kwa apongozi awo atadikira zaka zambirimbiri, akusenda mbatata pakona ngati wantchito. Ankadziwa thabwa lililonse lolira pansi pake.

"Mbava iwe. Ndinakuyamwitsa ine."

"Munandiphunzitsanso inu."

"Mpando wa bambo ako utsala pambaula. Kuzipinda za m'mbali kumazizira."

"Utsala."

"Nkhuku ndi zanga, ndi mazira ake."

"Theka la mazira."

"Onse, galu iwe."

Harm anapukuta dzanja n'kulitambasula. Phwa. Phwa. Mayi Leida anapuma kamodzi, anayang'ana kudenga la khola, n'kumenya lomaliza.

Lachisanu Kuiper anadzera kuseri, ndipo nsapato anavula asanauzidwe. Anali wosangalala, mapepala ali okonzeka. Atamva nkhani anayang'ana uyu ndi uyu.

"Mayi, sindikumvetsa. Mukusiya munda wa Nijhuis chifukwa cha dambo lija?"

"Ndinakuuzani kuti mkaka wake umatuluka ndi batala. Simunandikhulupirire?"

"Ndingathe kuwonjezera malo pang'ono. Kuseri kwa mitengo kuja kuli kachigawo kena."

Harm anayang'ana kudenga, akumeza malovu. Mayi Leida nawonso anamva kachigawoko kakuwakoka ngati fungo la nyama yowotcha. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada.

"Sungani. Munanena nokha ndi pakamwa panu kuti mlimi wa malo mbali ziwiri mumamuboolera. Boolani."

Kuiper anapinda mapepala aja, natulutsa ena. Anajambula kampata ndi pensulo, nasonyeza ndi dzanja msinkhu wake, cha pamutu pake atawerama pang'ono.

"Umakhala chonchi. Ng'ombe imadutsa bwinobwino, munthu amangoweramako."

"Umenewo ndi una wa mbewa. Ndikufuna wodutsa ngolo ndi hatchi, munthu atakhala pamwamba."

"Mayi, ndamva zimene a Oonk anabwerera kuno, m'mudzi muno nkhani siigona. Ndikumva chisoni. Koma sindingalembe kuti boma likweze msewu chifukwa cha maliro. Akandiseka."

"Ndani watchula maliro? M'nyumba muno muli wakufa? Ine ndikunena udzu. Tikamweta udzu wouma kudamboko, ndiziusenza pamutu? Ngolo yodzaza udzu idutse, basi. Lembani udzu."

Kuiper anayang'ana a Lammert pampando wawo. A Lammert anamuyang'ananso, osaphethira. Kuiper anatenga pensulo, anafufuta denga la kampata kaja, nalijambula m'mwamba.

"Udzu," anatero akulemba. "Koma geti lachitsulo ndi mpanda zapita ndi munda."

"Geti litsale. Ng'ombe zikatuluka mumpatamo zizikalowa m'munda mwa a Oonk? Mudzalipira ndinu?"

"Mayi inu!"

"Dzanja."

Phwa, phwa, phwa. Atatha, Mayi Leida anatsegula chitini, ndipo Kuiper atatenga bisiketi imodzi sanachitseke msanga. Kuiper anazindikira ulemuwo, natenga yachiwiri.

Kwa a Oonk Mayi Leida anapita okha tsiku lomwelo. Sanakhale pansi. Anaima pakhomo la kukhola n'kunena kuti, "A Derk, jekete lija libwezereni m'kabati, njenjete zikulidikira. Uneba simutula." A Derk anafuna kunena kanthu, koma Mayi Leida anali atatembenuka kale. Neba sathokozedwa.

Msewu unatenga zaka. Kunabwera magalimoto a mchenga usana wonse, fumbi likulowa mpaka mumkaka. Kumene ankakumba mchengawo kunasanduka dziwe lalikulu. Chimulu chinakwera, chinakwera, mpaka denga la a Oonk linabisika. Munda wa Nijhuis unapita kwa mlimi wina wa kuseri kwa tchalitchi, ndipo chimanga chake chinkatalika kuposa munthu. Harm akadutsa pamenepo ndi thirakitala yake ankabwera kunyumba osalankhula, ndipo mayi ake ankam'siya. Chaka china cha mvula yambiri ng'ombe yabwino kwambiri inathyoka mwendo m'matope a kudambo. Harm anangoti, "Batala uja ndi ameneyu, Amayi." Mayi Leida anatenga dengu lawo n'kupita kukatola mazira.

Mpatawo unali wamdima, wonunkha simenti, madzi akudontha kudenga. Ng'ombe zinakana kulowa tsiku loyamba. Mayi Leida anagwira yotsogolera pakhutu, anaiuza mawu awiri atatu osayenera kulembedwa, inalowa, zinzake n'kutsatira.

Chaka chimene anathira phula n'kutsegula msewu, Riek anabereka mwana wamkazi. A Hanna ndi amene anam'sambitsa. Anadutsa mumpatamo akuthamanga, epuloni ili m'manja, magalimoto akulindima pamutu pawo.

Patapita masabata angapo, Lamulungu masana, Mayi Leida anali pawindo la zipinda za m'mbali pamene anamva kuimba kukuchokera pansi pa msewu. Anatuluka. Mumpata muja munatuluka a Derk, chipewa cha Lamulungu kumutu, atagwira kutsogolo kwa makwerero. Kumbuyo kunali aneba ena a kutsidya ndi akazi awo. Pamakwereropo panagona buledi amene aneba amabweretsa mwana akabadwa, wa mphesa zouma, wotalika ngati munthu wamkulu. Anayenda naye pang'onopang'ono kudutsa geti lachitsulo, nazungulira kuseri.

M'khitchini anthu anadzaza mpaka pakhomo. Buledi sanakwane patebulo, mbali ina inatsamira pampando. A Lammert anali pambaula, kamdzukulu kali pabondo, dzanja labwino litakagwira. Anakodola a Derk ndi mutu. A Derk anawerama.

"Ngolo... ikwana?"

"Ndinayesa ndi udzu wodzaza, a Lammert. Ikukwana, malo n'kutsalako. Koma musafulumire, hatchi yanga ikutsimphina mwendo wakumbuyo."

A Lammert anaseka ndi mbali imodzi ya pakamwa mpaka misozi.

Mayi Leida anali atawerama pa buledi uja, akumuyendera kuchokera kumutu mpaka kumchira ngati ng'ombe ya pamsika. Anam'dina ndi chala.

"A Hanna, mphesazi munkachita kuponya muli patali? Ina ili apa, inzake ili kumalire a Jeremani."

"Mukatafuna mudzipeza, amnzanga. Kapena mano atha?"

Anthu anaseka. Dzanja la Mayi Leida linapita lokha kukabati ya mipeni. Litagwira chogwirira linaima. Analibweza m'thumba la epuloni.

"Riek, khitchini ndi yako. Dula." Anakhala pansi pafupi ndi amuna awo. "Koma udule mokhuthala. Anthuwa achokera kutsidya."